KAMPHETE KA MPHIRA M'MAKINA OZIZIRITSA MKAKA

Nkhani yoyankhulidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Ulimi

 Lero ndifuna kukamba za kanthu kochepa kamene kangathe kutayitsa mkaka wa mudzi wonse.

Mudziwa kuti mkaka uyenera kuzizira msanga kufikira madigiri 4. Ukapanda kutero usasa, ndipo ogula aukana. Chimene chiziziritsa thanki ndi gasi wozungulira m'mipope pamodzi ndi mafuta a kompuresa. Pamene zitsulo zilumikizana amaikapo timphete ta mphira, timene amakaniko amati masilo kapena magasiketi. Timeneti tikaonongeka gasi athawa, makina nalira usiku wonse, koma mkaka uli wofunda.

Tsono mphira siili ya mtundu umodzi. Monga mpunga ufuna dambo ndipo mapira afuna pouma, momwemonso gasi ali yense ali ndi mphira yomuyenera. Mukaika yolakwika, imatupa ndi kufewa, kapena imauma ndi kung'aluka.

Makina akale anali ndi gasi wochedwa R12, ndipo mphira ya nitrile inkagwira bwino. Gasi ameneyu anapezeka kuti aononga ozoni wotichinjiriza ku dzuwa. Chotero maiko anapangana ku Montreal mu 1987 kuti amleke, ndipo maiko onga lathu anapatsidwa malire a chaka cha 2010. R22 nayenso ali m'njira yomweyo, malire ake ndi 2030; iye agwirizana ndi mphira ya neoprene. Makina a R134a amayenda ndi mafuta ena ochedwa POE, ndipo mphira yake ndi HNBR kapena neoprene. Mphira ya Viton, ngakhale ndi yodula, imatupa mwa iye. Makina ena atsopano ali ndi R290, gasi woyaka moto. Mphira ya EPDM siimfuna konse. M'mafakitale akulu muli amoniya, amene adya mkuwa ndi kuononga Viton.

Bvuto lalikulu libwera posintha gasi. Mphira imene yakhala zaka zambiri mu R22 inamwa gasiyo nitupa pang'ono. Mukathira gasi wina, imafota, ndipo mpata utseguka. Makaniko apita ndi ndalama zanu, koma posakhalitsa thanki yaleka kuzizira. Chifukwa chake posintha gasi, masilo onse asinthidwe tsiku lomwelo.

Nazi zoyenera kuchita:

1. Werengani kachitsulo kokhomedwa pa makina. Dzina la gasi lalembedwapo. Mlembi wa gulu alilembe m'buku.

2. Makaniko akafika, mfunseni gasi, mafuta ndi mphira zimene adzaika, ndipo akuonetseni pepala la paketi. Musadalire maonekedwe, pakuti kubiriwira kapena kuda kwa mphira sikunena mtundu wake. Akulu anati safunsa anadya phula.

3. Musalole munthu kudula chubu cha njinga kapena patapata kuti atsekere. Zimenezo zigwira masiku ochepa chabe, kenaka gasi yense atha.

4. Sabata ili yonse yang'anani polumikizira. Mukaona mafuta onyowetsa pfumbi, pakani madzi a sopo. Thobvu likamatukuka, pamenepo pakutuluka gasi. Itanani makaniko wophunzira nchitoyo.

5. Musalole kusakaniza magasi awiri, ndipo moto, nyali ndi fodya zikhale kutali ndi makina a R290.

6. Mphira ya potulukira mkaka ndi inanso. Ikhale yopangidwira zakudya, itsukidwe tsiku ndi tsiku, ndipo ikang'aluka ichotsedwe, pakuti m'ming'alu mubisala tizirombo tosasitsa mkaka.

Inu mafumu, thanki imeneyi ndi chuma cha anthu anu. Kamphete kagulidwa ndi ndalama zochepa, koma kompuresa ikapsya gulu lonse lilowa m'ngongole, ndipo ana asowa fizi. Itanani msonkhano, musankhe munthu mmodzi wosamala buku la makina, ndipo gulu lisunge masilo oyenera pa malo ozizira, osafika dzuwa.