ALONDA A MBALAME PA GOMBE LA PORTLAND

Mvula ikayandikira, anamzeze amadzaza pa mawaya ndi m'mabango. Kodi munayamba mwafunsa kumene achokera?

Kumwera kwa England kuli ndomo ya mtunda yoloŵa m'nyanja, dzina lake Portland Bill. Pamenepo pali nsanja yakale ya nyali yoongolera zombo, imene m'chaka cha 1961 inasanduka nyumba ya anthu oyang'anira mbalame. Anasankha malowo popeza mbalame zapaulendo zimatera pomwepo, zisanaoloke nyanja kapena zitangooloka.

Ntchito yawo imayamba kusanache. Amatchera maukonde osalala ngati ulusi wa kangaude pakati pa zitsamba. Mbalame ikakodwa amaiwonjola mosamala, naiyesa kulemera kwake ndi utali wa phiko, naiveka kamphete ka nambala kumwendo, nailola ipite. Ena amakhala pa thanthwe kuŵerenga zouluka pamwamba pa madzi. Zonse zimalembedwa m'buku tsiku lomwelo, ngakhale tsiku lopanda kanthu, pakuti kusoŵa kwa mbalame nakonso ndi mau.

Usiku amayatsa nyali yowala pamwamba pa bokosi. Agulugufe a usiku, aja timawatcha akadziwotche, amathamangira kuwalako nagwera m'bokosi, nabisala m'mapepala oikamo mazira. M'maŵa amawaŵerenga mtundu ndi mtundu, nawamasula amoyo. Ena mwa iwo amakhala atabwera ndi mphepo kuchokera kumwera kwa Ulaya ndi kumpoto kwa Afirika.

Wina adzati, phindu lake n'chiyani? Tamvani. Namzeze wina anavekedwa mphete ku Staffordshire m'chaka cha 1911, ndipo anapezeka ku Natal mu December 1912, ulendo wa mamailosi ngati 6,000. Ndi pamene anthu a ku England anadziŵa kumene anamzeze awo amathaŵira chisanu. Ndiponso mabuku otere, polembedwa zaka zambiri, ndiwo anathandiza kuonetsa kuti mtundu wina wa njiŵa, wothera chisanu kumwera kwa chipululu cha Sahara, ukutha m'dziko lawo. Buku la tsiku limodzi silikadaulula zimenezi.

Za agulugufe zikutikhudza ife alimi. Ntchemberezandonda ndi ana a gulugufe wa usiku, monganso mbozi ija inafika m'Afirika m'chaka cha 1916 kuphatikiza zaka zana, ndiko kuti 2016, niononga chimanga chathu. Woŵerenga agulugufe m'msampha amaona tsoka mbozi zisanaswe, ndipo mlimi amachenjezedwa nthawi ikadalipo.

Tsono, abale anga, mwana akabwera ndi mbalame ya mphete kumwendo, musataye mpheteyo. Lembani nambala yake, tsiku ndi mudzi umene yapezeka, mupereke kwa aphunzitsi kapena kwa oyang'anira nyama zakutchire. Alipo munthu kutsidya kwa nyanja amene adzakondwa kulandira mbiri ya mbalame yake.

Tsalani bwino.