Injini ikamanjenjemera galimoto itaima, kabureta isakhale yoyamba kuimbidwa mlandu

Mawu kwa eni magalimoto, madalaivala ndi amakaniko a m'dera la Chipoka



Chipoka ndi amodzi mwa malo ochepa m'dziko muno amene doko la panyanja, njanji ndi msewu waukulu zinakumana pamodzi. Komabe katundu wa tsiku ndi tsiku wa anthu a dera lino amayenda kwambiri pa pikapu. Ndi pikapu imene imanyamula usipa ndi utaka kuchoka m'madoko a asodzi kukafika pa msewu wa M5, imatuta chimanga ndi mpunga nthawi yokolola, imathamangitsa wodwala usiku kupita ku chipatala cha boma ku Salima, ndiponso imaperekeza maliro. Ambiri mwa magalimoto amenewa ndi akale, oyendera petulo: Nissan 1400, imene inkapangidwa ku South Africa mpaka m'chaka cha 2008, Datsun, Toyota Hilux, Mazda ndi Peugeot 504. Onsewa amasakaniza petulo ndi mpweya mu kabureta, alibe kompyuta, ndipo munthu wodekha angathe kupeza matenda awo ndi zida zochepa.

Matenda amene akukambidwa lero ndi odziwika. Galimoto ikamathamanga imaoneka yabwinobwino, koma ikaima injini ili chilirire, imayamba kunjenjemera, kutsokomola, kukwera ndi kutsika, mwinanso kuzima. Dalaivala amakakamizika kupondabe moto pa siteji iliyonse, ndipo petulo amangopsa chabe. Injini yotere ingathe kuzimira podutsa njanji kapena pokhota, ndipo ikakana kulira masana a mwezi wa Okutobala, nsomba zaziwisi zimene zili kumbuyo sizidikira makaniko.

Zikatere, mawu oyamba kumveka ndi akuti kabureta yatha. Munthu amatenga sikuludiraiva, napotoza masikuluwu onse, kapena amakwera basi kukagula kabureta ina ku Lilongwe. Nthawi zambiri ndalama zimapita koma kunjenjemera kumatsala, chifukwa gwero la vuto linali kwina: kapaipi kong'ambika, pulagi yakutha kapena madzi m'thanki. Mfundo ya mawu ano ndi imodzi: kufufuza kuyambire pa zosavuta ndi zotsika mtengo, ndipo kabureta ikhudzidwe pomalizira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuti injini ilire bwino imafuna zinthu zitatu: msakanizo woyenera wa petulo ndi mpweya, moto wa pulagi wofika pa nthawi yake, ndi mphamvu ya pisitoni yopanikiza msakanizowo. Msakanizo woyenera ndi makilogalamu pafupifupi 15 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya petulo. Galimoto ikaima, injini imazungulira maulendo 700 mpaka 850 pa mphindi, chitseko cha mpweya cha mu kabureta chimakhala pafupifupi chotseka, ndipo petulo amadutsa pa kabowo kakang'ono kwambiri. Pa nthawi imeneyi kusokonekera pang'ono kumaonekera msanga. Ichi ndi chifukwa chake vuto limene limabisala galimoto ikamathamanga limaululika ikaima.

Ntchito yoyamba ndi kufunsa ndi kumvetsera, sipanala isanagwiridwe. Kodi vuto linayamba mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono? Ngati linayamba tsiku limene galimoto inathiridwa mafuta, maso apite ku petulo. Ngati linayamba munthu atagwira ntchito ina mu boneti, pali waya kapena paipi imene sinabwezeretsedwe. Kunjenjemera kwa m'mawa kokha, kumene kumatha injini ikatentha, kawirikawiri kumachokera ku choke. Kumvekedwe nakonso kumaphunzitsa. Kudumpha kobwerezabwereza pa nthawi yofanana kumasonyeza kuti silinda imodzi siikugwira ntchito, pamene kukwera ndi kutsika kopanda dongosolo kumaloza ku msakanizo. Ngati injini ikumveka yosalala koma galimoto yonse ikugwedezeka, ayang'anidwe malabala amene injini inakhazikikapo, pakuti akaduka galimoto imanjenjemera ngakhale injini ili bwino.

Chachiwiri ndi petulo weniweniyo. Kuyambira m'chaka cha 1982, pamene fakitale ya Ethco inayamba ntchito ku Dwangwa, petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo m'chaka cha 2004 kunabweranso fakitale ya PressCane ku Chikwawa. Zimenezi zimathandiza dziko kuchepetsa mafuta ogula kunja, koma mwini galimoto yakale ayenera kudziwa khalidwe la ethanol. Amakoka chinyezi, ndipo madzi akachuluka amatsikira nawo pansi pa thanki, pomwe pampu imayamwira. Amafooketsanso mapaipi a labala akalekale ndi kusungunula litsiro la m'thanki, limene limakatseka fyuluta. Kuno kunyanja chinyezi n'chochuluka, ndipo galimoto yokhala masabata ndi thanki yopanda kanthu imasonkhanitsa madzi ndi dzimbiri. Nthawi ya kusowa kwa mafuta vutoli limakula, chifukwa petulo wa m'zigubu palibe amene amadziwa kumene wadutsa.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Makaniko atape petulo pang'ono kuchokera pa paipi yolowa mu kabureta, amuthire m'botolo loonekera m'kati, alisiye kwa mphindi zingapo. Madzi amakhala pansi ndipo mzere wowalekanitsa ndi petulo umaoneka. Ngati alipo, thanki ikhuthulidwe ndipo fyuluta isinthidwe. Fyuluta ya mpweya nayonso itsegulidwe, pakuti mchenga ndi fumbi la m'misewu yopita kumadoko zimaitseka msanga, injini n'kumamwa petulo wambiri ndi kutulutsa utsi wakuda.

Chachitatu, chimene chimapezeka kawirikawiri pa magalimoto okalamba, ndi mpweya wolowera pambali. Mpweya wonse wolowa mu injini uyenera kudutsa mu kabureta kuti ulandire petulo wolingana nawo. Ukapeza mpata pa kapaipi kouma ndi kutentha, pa gasiketi ya pansi pa kabureta kapena pa gasiketi ya manifold, msakanizo umachepa petulo ndipo injini imayamba kudumphadumpha. Makaniko atenge paipi yaifupi, mbali imodzi pa khutu, ina n'kumaiyendetsa m'mbali mwa kabureta ndi manifold, kufunafuna phokoso longa la njoka. Angathenso kufinya mapaipi a mpweya limodzilimodzi ndi pulayazi. Paipi imene ikafinyidwa injini n'kukhazikika, ndiye kuti vuto lili pa iyo kapena pa chimene yalumikizako. Asaiwale paipi yaikulu yopita ku booster ya mabuleki. Ngati injini imasintha kalizidwe dalaivala akaponda buleki, chikopa cha m'kati mwa booster chingakhale chitabooka, ndipo limeneli ndi vuto la chitetezo losayenera kudikira. Njira ina ndi kutseka choke pang'ono injini ili yotentha: ikasalala, ndiye kuti imasowa petulo kapena ikuba mpweya, ikaipiraipira, petulo ndi amene wachuluka.

Chachinayi ndi moto. Injini ikulira, makaniko achotse waya wa pulagi umodzi ndi pulayazi yokutidwa bwino ndi labala, amvetsere, n'kuubwezera. Silinda yabwino ikalandidwa moto, injini imagwa mphamvu moonekeratu. Silinda imene waya wake ukachotsedwa palibe chosintha, ndiyo yodwala. Kenako mapulagi amasulidwe ndi kuikidwa mu ndondomeko ya masilinda awo, chifukwa pulagi ndi mboni ya zimene zikuchitika m'kati. Yofiirira ngati dothi louma ikunena kuti zonse zili bwino. Yakuda ndi mwaye wouma ikunena kuti petulo wachuluka kapena moto ndi wofooka. Yoyera mbuu ikunena kuti petulo wachepa. Yonyowa ndi oilo ikuloza ku maringi a pisitoni kapena masilo a mavalavu. Mapulagi onse anayi akafanana, vuto ndi la injini yonse. Imodzi ikasiyana ndi zinzake, kabureta ilibe mlandu, pakuti imadyetsa masilinda onse pamodzi.

Pa injini zambiri za mtunduwu mpata wa pulagi umakhala pafupifupi mamilimita 0.8, wa mapointi pafupifupi theka la milimita, ndipo masilinda amayaka mu ndondomeko ya 1-3-4-2. Mawaya awiri akasinthanitsidwa, injini imalira monga yothyoka mwendo. Chivindikiro cha distributor chiyang'anidwe ngati chili ndi mng'alu kapena chinyezi, makamaka nthawi ya mvula. Usiku, mumdima, mawaya otha amaoneka akuthetheka timoto tabuluu. Mapointi akasinthidwa, timing iyenera kuonedwanso, chifukwa mpata wa mapointi ukasintha, nthawi yofika moto imasinthanso.

Chachisanu ndi mphamvu yopanikiza. Ngati silinda ili ndi moto wabwino ndi pulagi yatsopano koma siikugwirabe ntchito, iyesedwe ndi geji ya kompuresheni. Masilinda sayenera kusiyana kwambiri. Kusiyana kopitirira gawo limodzi mwa magawo khumi n'kokayikitsa. Silinda yotsika ithiridwe oilo wokwana supuni yaing'ono n'kuyesedwanso. Muyeso ukakwera, atha ndi maringi. Ukapanda kusintha, vuto lili pa valavu kapena gasiketi ya mutu wa injini. Pano pali mbiri yofunika kuikumbukira. M'chaka cha 2006 mayiko a kuno kumwera kwa chipululu cha Sahara anasiya petulo wokhala ndi mtovu, chifukwa mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana. Injini zina zakale kwambiri zinkadalira mtovuwo kuteteza malo okhalapo mavalavu. Popanda iwo valavu imamira pang'onopang'ono, mpata wake umatha, ndipo siitsekanso bwino injini ikatentha. Kuyesa ndi kukonza mpata wa mavalavu ndi ntchito ya ola limodzi, pamene valavu yosiyidwa mpaka kupsa imafuna kutsitsa mutu wonse wa injini.

Zonsezi zikapezeka zili bwino, ndi pamene kabureta imafikiridwa, ndipo ngakhale apo kuyamba ndi kuyang'ana osati kumasula. Makabureta ambiri a ku Japan ali ndi kagalasi kam'mbali koonetsa mulingo wa petulo, umene uyenera kukhala pakati. Ukapitirira, float kapena singano yake yatha ndipo petulo akusefukira. Ambiri alinso ndi kavalavu kamagetsi kamene kamatseka petulo kiyi ikazimitsidwa. Kamamveka kugunda kiyi ikayatsidwa, ndipo waya wake ukathothoka injini imakana kulira payokha ngakhale kabureta ili yatsopano. Jeti yaing'ono ya idling itsukidwe ndi mankhwala otsukira kabureta ndi kuuziridwa ndi mpweya. Kuitokosa ndi waya kapena singano kumakulitsa bowo, ndipo galimotoyo idzamwa petulo mopitirira moyo wake wonse. Chitsulo chimene chitseko cha mpweya chimazungulirapo chikamagwedera, nachonso chimalowetsa mpweya pambali.

Kupotoza masikuluwu ndiyo ntchito yotsiriza, ndipo ichitike injini itatentha, choke itatseguka, fyuluta ya mpweya ili m'malo mwake. Sikuluwu ya msakanizo isunthidwe pang'onopang'ono, makaniko akuwerenga mmene waipotozera kuti athe kubwerera pomwe anayambira, mpaka injini ilire mosalala. Kenako sikuluwu ya liwiro ibwezere injini pa muyeso wake. Kuimanga mwamphamvu kumaononga nsonga yake. Ntchito imeneyi ndi bwino ichitikire kumene galimoto imagwira ntchito. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 475 pamwamba pa nyanja yamchere, Lilongwe ali pa mamita opitirira 1,000, ndipo Dedza ali pafupifupi pa 1,600. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, choncho kabureta yochunidwa ku Dedza ingathe kuoneka yosowa petulo pang'ono ikatsikira ku Chipoka.

Pa ntchito yonseyi moyo ndi wofunika kuposa galimoto. Injini isalizidwe m'chipinda chotseka, chifukwa utsi wa ekizozi uli ndi mpweya wakupha wopanda fungo. Fodya ndi nyali ya moto zikhale kutali ndi petulo, chitenje ndi malaya olendewera zisayandikire fani ndi lamba, ndipo handibuleki ikokedwe, giya ili fili.

Mwini galimoto amene sagwira sipanala alinso ndi gawo lake. Ali ndi ufulu wofunsa makaniko wake mwaulemu kuti aone botolo la petulo, mapulagi ndi muyeso wa kompuresheni asanavomere kugula kabureta. Ndi bwino asunge kope lolembamo tsiku losinthira mapulagi, mapointi ndi mafyuluta, komanso malita a petulo ndi mtunda umene galimoto yayenda, pakuti galimoto imayamba kumwa mafuta ambiri isanayambe kunjenjemera. Amakaniko nawo angathe kusonkherana kugula geji ya kompuresheni, nyali ya timing ndi timipeni toyezera mipata, n'kumabwerekana, popeza zida zitatuzi zimathetsa kulosera. Achinyamata amene akuphunzira ntchitoyi m'magalaja kapena kudzera m'maphunziro a TEVETA aphunzitsidwe ndondomeko imeneyi kuyambira tsiku loyamba: kumvetsera, petulo, mpweya, moto, kompuresheni, kenako kabureta.

Pikapu imodzi ikagona sabata yathunthu, msodzi amagulitsa nsomba pa mtengo wolira, mlimi amasowa chonyamulira mbewu, ndipo banja la wodwala limayamba kugogoda khomo ndi khomo usiku. Ndalama imene ikanagula kabureta yosafunika ingathe kugula matayala abwino ndi mabuleki, zimene zimateteza okwera pa msewu wa M5.