Mawu olandira achinyamata a luso la makompyuta ku Liwonde

 

Achinyamata amene akhala kutsogoloku ndi ophunzira za makompyuta ku sukulu zaukachenjede, ena akuchita digiri yachiwiri. Akanafuna, akanapita ku mabanki ndi makampani a foni ku Blantyre. Koma avomera kudzagwira ntchito m'makhonsolo, m'zipatala ndi m'mabungwe a kuno kwathu. Tawaombereni m'manja. Mwamphamvu, amayi, amve kuti afika pakati pa abale!

Ana anga, musaganize kuti mwabwera kumalo kosadziwa zinthu. M'chaka cha 2011, bungwe la VillageReach linayambitsa Chipatala Cha Pa Foni pachipatala cha boma cha Balaka. Mmodzi mwa amene anabweretsa ganizoli anali Mmalawi wolemba mapulogalamu a kompyuta, a Soyapi Mumba. Mayi woyembekezera wa ku Utale kapena ku Phalula anayamba kuimba foni mwaulere n'kufunsa ngati vuto lake likufunika kuthamangira kuchipatala, asanawononge ndalama ya kabaza. Ntchitoyi inafalikira m'maboma onse 28, ndipo nambala ya 54747 inadziwika dziko lonse. Koma chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti oyambitsawo sanaiumirire. Anaphunzitsa anthu a boma mpaka Unduna wa Zaumoyo unaitenga kukhala yake.

Apa ndi pamene pali mtima wanga. Taona makompyuta ambiri akuchita fumbi m'maofesi chifukwa amene anawaika anachoka ndi password yake m'mutu. Polojekiti ikatha, zonse zimathera pomwepo, ndipo kalaliki amabwerera ku kaundula wa pepala. Inu musatero. Chilichonse chimene mupange, chipangeni mutakhala limodzi ndi amene adzatsale nacho. Mlangizi wa zaumoyo wa ku Nayuchi, kumalire ndi Mozambique, amadziwa kuti netiweki imagwira pachulu chiti, ndipo kuti foni yake imatha masiku osatchajidwa. Mufunseni musanalembe mzere ngakhale umodzi wa pulogalamu. Ndipo phunzirani kulonjera m'Chiyao, chifukwa agogo a kwa Nyambi sadzakuuzani mavuto awo mukangofika ndi laputopu n'kuyamba mafunso.

Ntchito ikukudikirani. Namondwe wa Freddy atatigwera mu Malichi 2023, tinafunika kudziwa msanga midzi imene yakokoloka, milatho imene yaduka ndi anthu amene ali m'misasa. Kaundula wa Mtukula Pakhomo amafunika kukhala wolondola kuti gogo wosauka asadumphidwe. Nyanja ya Chilwa, imene inaphwa kwambiri mu 2018, ikufuna anthu oti aziyang'anira madzi ake kuti asodzi ndi alimi a mpunga achenjezedwe nthawi ikadalipo. Boma linatsegula khomo mu 2018 poyamba kutumiza omaliza maphunziro aukachenjede m'maofesi ake kuti akaphunzire ntchito, ndipo mu 2020 UNICEF inatsegula m'dziko muno sukulu ya African Drone and Data Academy. Luso tsopano lilipo.

Tsopano kwa inu mabwana a m'maofesi, mundimvere bwino. Ana awa sanabwere kudzachita fotokope kapena kudzatumidwa kukagula mayunitsi. Apatseni desiki, apatseni ziwerengero zenizeni ngakhale zili zochititsa manyazi, ndipo galimoto ikamapita kumudzi, muwasiyire mpando. Aliyense mumpatse wantchito wanu mmodzi woti aziphunzira kwa iye tsiku ndi tsiku, ndipo ndalama zolipirira intaneti muziike mu bajeti ya khonsolo ya chaka chamawa, osadikira othandiza akunja.

Mafumu athu, ana awa ndawasiya m'manja mwanu. Akafika m'midzi yanu, muwaitanire anthu.