Masiku Athu a Sukulu ku Ndirande

Amayi anzathu, ife amene tinakulira ku Ndirande sitiiŵala ulendo wa m'maŵa uliwonse: sileti m'manja, mbatata yootcha m'thumba, wapansi mpaka ku sukulu za pa Mishoni ya Blantyre, pafupi ndi tchalitchi chimene chinamalizidwa mu 1891. Aphunzitsi athu anali aukali, koma mwana akajomba ankamulondola mpaka kwa makolo ake.

Komabe m'kalasi tinkachepa chaka ndi chaka. Anzathu ena, anzeru kuposa ife, analekeza pa Sitandade 4 posoŵa fizi. Ena anakwatiwa akali ana.

Fizi ya ku pulayimale inathetsedwa mu 1994. Tsono mdzukulu wathu akamakhala pakhomo lero, tinena kuti chamuletsa nchiyani? Tiyeni tiŵalimbikitse atsikana athu kufikira atamaliza.