Woyenda Pansi Adzera Kuti? Khonsolo ya Chipata ndi Miseu Yake

 M'phunziro lathu la za boma ndi nzika, lero tikamba za chinthu chimene mumachiponda tsiku ndi tsiku, ndicho mseu wa m'tauni pamodzi ndi kanjira ka m'mbali mwake kamene anakonzera oyenda pansi. Chitsanzo chathu chikhala mzinda wa Chipata, ndipo tifuna kuyankha mafunso atatu: mseu ndi wa yani, ndalama zoukonzera zichokera kuti, ndipo inu mukaona chobvuta muyenera kupita kwa yani.

Tiyambe ndi mbiri, pakuti mabvuto ena a miseu ya Chipata anabadwa pamodzi ndi tauniyo. Nkhondo ya Angoni a Mpezeni ndi asilikali a Angerezi itatha mu 1898, kampani ya British South Africa inamanga boma m'chigwa cha pakati pa mapiri mu 1899, nilitcha Fort Jameson. Malowa anali likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911, pamene dzikolo linaphatikizidwa ndi North-Western Rhodesia, likulu ndi kukhala ku Livingstone. Amene anayala miseu yoyamba anali kuganizira Azungu owerengeka a m'maofesi, alimi a fodya, ndi amalonda a Chimwenye okhala m'masitolo mwao. Sanalote za khamu limene lero limatuluka m'mawa uliwonse ku Kapata, ku Mchini, ku Nabvutika ndi ku Magazine kulinga ku misika, ku sukulu ndi ku chipatala. Dziko litalandira ufulu mu 1964, dzina la Fort Jameson linachotsedwa, ndipo pa 24 February 2017 Pulezidenti Edgar Lungu analengeza kuti Chipata ndi mzinda, wachisanu m'Zambia pambuyo pa Lusaka, Kitwe, Ndola ndi Livingstone. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 300,000 m'boma la Chipata, ngakhale kuti Kasenengwa ndi Chipangali anali atapatulidwa kale mu 2018. Anthu anakondwera nawo ulemu wokhala mzinda, koma akulu anati walira mvula walira matope. Anthu achuluka, magalimoto achuluka, pamene chigwa chiri chomwe chija.

Taimani m'mbali mwa mseu waukulu wa Great East nthawi ya m'mawa, muwerenge amene akuugwiritsa nchito. Mudzaona malole akulu-akulu olinga ku malire a Mwami kapena ochokera ku Malawi, mabasi a ku Lusaka, matekisi, ndi njinga zamoto. Mudzaonanso njinga zopalasa zosawerengeka, zina zitanyamula munthu pambuyo, zina matumba a makala kapena a nshawa. Chipata ndi mudzi wa njinga kuyambira kale, ndipo m'zaka za m'ma 1980 fakitale ya Luangwa Industries inali kupanga njinga za Eagle momwemo. Koma oposa onsewa kuchuluka ndiwo oyenda pansi: mwana wa sukulu, mai wosenza dengu la ndiwo ali ndi khanda kumsana, nkhalamba yopita ku Chipata Central Hospital. Awa alibe chitsulo chowachinjiriza. Bungwe la World Health Organization linanena mu 2023 kuti anthu pafupi-fupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamseu chaka ndi chaka pa dziko lonse, ndi kuti oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, a njinga zopalasa ndi a njinga zamoto. Choncho kanjira ka oyenda pansi kakathyoka kapena kutsekeka, mwana uja atsikira mu mseu, nayenda limodzi ndi lole. Nkhani yathu ndi ya moyo wa munthu.

Kodi chimaononga tinjira timeneti n'chiyani? Mdani woyamba ndi madzi. Chipata wazingidwa ndi mapiri, ndipo mvula ikagwa kuyambira November kufikira March kapena April, madzi onse a m'mapiri amathamangira m'chigwa. Pamene mitengo yadulidwa ndipo nyumba zamangidwa m'malo otsetsereka, palibe chogwira nthaka, motero madzi amatsika ndi mchenga ndi miyala. Mchenga uja ukakumana ndi mapepala a pulasitiki ndi mabotolo otayidwa mu ngalande, ngalande imatseka. Madzi saiwala khwawa: akasowa podzera amasefukira pa mseu, nalowa m'ming'alu ya phula ndi pansi pa simenti, nafewetsa dothi limene lagwiriza zonsezo. Pamenepo ndiye afika mdani wachiwiri, amene ndi kulemera. Kanjira ka oyenda pansi anakamanga kuti kasenze munthu, ndipo lole yodzaza simenti ikakweza gudumu limodzi pamenepo, miyala yoyalidwa imasweka ndi kumira. Mdani wachitatu ndi dzanja la munthu. Ena amakumba kuti aike mipope ya madzi kapena nthambo, nakwirira mwa changu osatsendera dothi. Ena amaba zitsulo zobvundikira ngalande kukagulitsa, nasiya dzenje limene usiku limathyola mwendo wa munthu. Mukaona bwino mudzapeza kuti khonsolo imene ikonza pamwamba pokha, ngalande iri chitsekere, yataya ndalama zanu, pakuti mvula ya chaka chamawa idzabwezera zonse mwakale.

Tsopano tione za malo oimikapo magalimoto. Galimoto yaing'ono imodzi ikaima imadya malo a mamita 5 m'litali ndi mamita 2 ndi theka m'lifupi. Pa malo omwewo mungaimike njinga zisanu ndi zitatu kapena khumi. Kutsogolo kwa sitolo ya ku Down Shops kapena pa chipata cha msika wa Kapata, malo ameneŵa akuwafuna anthu ambiri nthawi imodzi. Mwini sitolo afuna kuti lole yake itsitse katundu pakhomo. Wa tekisi ndi wa njinga afuna kuima pamene anthu atulukira, pakuti akapita kutali sapeza wokwera. Wogwira nchito mu ofesi afuna kusiya galimoto yake pa mthunzi kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Aliyense ali ndi chifukwa chomveka, ndipo khonsolo singakondweretse onse. Njira zimene makhonsolo amatsata ndi zodziwika: kulemba mizere yosonyeza poimika, kulipiritsa amene aimika pakati pa tauni kuti asakhalitse, kuika maola otsitsira katundu, kupatula masiteshoni a mabasi, matekisi ndi njinga, ndi kukonzera malole malo ogona kunja kwa tauni. Njira iriyonse ili ndi woidandaula. Koma ndalama yoimikira galimoto anthu amailipira mosanyinyirika ngati alandira risiti, ndipo ngati aona ndi maso ao kuti mizere yalembedwa ndi maenje akwiriridwa.

Nkhani yobvuta koposa ndi ya ogulitsa m'mbali mwa mseu. Mai amene wayala tomato ndi nthochi pa kanjira ka oyenda pansi akufuna ndalama ya ufa ndi ya yunifolomu ya mwana. Amakhala pamenepo chifukwa ndi pamene ogula apita. Komabe malamulo a dziko amaletsa malonda a m'miseu, ndipo chifukwa chake chinaoneka poyera pamene kolera inabuka mu Lusaka mu October 2017. Boma linatumiza asilikali kukachotsa ogulitsa ndi kusesa mzinda, ndipo mu 2018 malamulo oletsa malonda a m'miseu ndi kutaya zinyalala anakhwimitsidwa. Phunziro limene mizinda yambiri yatolapo n'lakuti kuthamangitsa kokha sikukhalitsa. Ngati msika umene anthu auzidwa kupitako uli kutali, ulibe madzi, zimbudzi ndi denga, patapita masabata owerengeka iwo amabwerera ku mseu. Khonsolo yanzeru imayamba yakonza kopita, nikambirana ndi atsogoleri a ogulitsa, kenaka ndi kuika tsiku losamuka.

Tibwere ku funso loyamba lija: mseu ndi wa yani? Ambiri amaganiza kuti mseu uliwonse wa m'tauni ndi wa khonsolo, koma siziri tero. Lamulo la miseu la 2002 linakhazikitsa bungwe la Road Development Agency, limene limayang'anira miseu ya dziko, makamaka ikulu-ikulu. Mseu wa Great East, umene pa mapu ulembedwa T4, uli m'manja mwa bungwe limeneli ngakhale pamene upyola pakati pa Chipata. Miseu ya m'kati mwa tauni ndi ya m'makomboni ndiyo imasamalidwa ndi khonsolo. Ndalama za msonkho wa mafuta ndi za pa zipata zolipirira pa mseu zimasonkhanitsidwa ku National Road Fund Agency, pamene za ziphaso za oyendetsa ndi chitetezo cha pamseu ziri kwa Road Transport and Safety Agency pamodzi ndi apolisi. Kudziwa zimenezi kudzakuthandizani kuti musagogode pa khomo lolakwika. Komabe khonsolo ndiyo pakamwa pa mzinda, ndipo ngakhale mseu usakhale wake, ili ndi udindo wotengera dandaulo lanu kwa eni ake.

Funso lachiwiri ndi la ndalama. Khonsolo imapeza ndalama zake pa msonkho wa nyumba ndi malo, pa ziphaso za malonda, pa zolipira za m'misika ndi m'masiteshoni a mabasi, ndi pa zoimikira magalimoto. Imalandiranso thandizo lochokera ku boma lalikulu kudzera m'thumba la Local Government Equalisation Fund. Palinso thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, lodziwika ndi dzina lakuti CDF, limene mu 2022 linakwezedwa kuchokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lirilonse, ndipo lakhala likuonjezedwa m'zaka zotsatira. Ndalama zimenezi zimamveka zambiri, koma ziri ndi pakamwa pambiri pozidikira: makalasi, madesiki, zipatala zazing'ono, zitsime, ngongole za magulu a amai ndi achinyamata, ndi fizi ya ana a sukulu zogonera komweko. Kanjira ka oyenda pansi kamapikisana ndi zonsezi. Ngati palibe woukambira, mseu wa kwanu udzatsalira m'mbuyo chaka ndi chaka.

Nanga chigamulo chimapangidwa bwanji? Kale, pansi pa lamulo la 1980, khonsolo inali yolumikizidwa ndi chipani cha UNIP, ndipo wapampando wake anali bwanamkubwa wa boma wosankhidwa ndi Pulezidenti. Lamulo la 1991 linabwezera kwa anthu onse mphamvu yosankha makhansala. Kuyambira 2016 ameya nawonso amasankhidwa ndi anthu onse a mumzinda, kwa zaka zisanu, ndipo lamulo limene likuyendetsa makhonsolo tsopano ndi la 2019. Mzinda wagawidwa m'mawadi, wadi iriyonse ili ndi khansala wake ndi komiti ya chitukuko cha wadi. Nkhani ya ngalande yotseka imayambira mu komiti imeneyi kapena kwa khansala. Kuchokera apo imapita kwa akatswiri a khonsolo, amene mkulu wao ndi Town Clerk, kuti ayeze malo ndi kuwerengera mtengo. Komiti ya makhansala yoona za nchito zomanga imaikambirana, ndipo pomaliza msonkhano wa khonsolo yonse ndiwo umabvomereza kapena kukana. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotseguka kwa anthu, kupatula pa nkhani zina zapadera, ndipo inu mungakhale kumbuyo ndi kumva mmene khansala wanu akukuimirirani. Khonsolo ikafuna kupanga lamulo lake-lake, monga la zoimika magalimoto, imayenera kuliika poyera kuti anthu aliwerenge ndi kupereka zotsutsa Nduna isanalibvomereze.

Apa ndi pamene funso lachitatu likuyankhidwa. Safunsa anadya phula, ndipo wodandaulira pa mowa kapena mu basi sanauze munthu. Mukafuna kuti dandaulo lanu limveke, lilembeni. Tchulani dzina la mseu ndi chizindikiro chapafupi, monga sukulu, tchalitchi kapena chigayo. Nenani chimene chaonongeka, kutalika kwake, ndi anthu amene akubvutika nacho, osaiwala akhungu ndi oyenda pa njinga za olumala, amene lamulo la 2012 linawapatsa ufulu wofika pa malo onse a anthu. Sainani ambiri, pakuti kalata ya mabanja makumi asanu imalemera koposa ya munthu mmodzi. Perekani kalata imodzi kwa khansala, ina ku ofesi ya Town Clerk, ina musunge, ndipo mulembe tsiku limene mwaipereka. Chaka cha ndalama cha khonsolo chimayamba mu January, motero bajeti imakonzedwa m'miyezi yotsiriza ya chaka. Dandaulo lofika nthawi imeneyo isanakwane liri ndi mwai wolowa m'mapulani, pamene lofika mu February mvula itagumula kale limadikira chaka chathunthu. Mukayankhidwa kuti ndalama palibe, funsani mwaulemu kuti nchito zimene zabvomerezedwa m'wadi yanu ndi ziti, ndipo zidzayamba liti.

Koma wodandaula ayambe wadziyang'ana yekha. Amene amataya zinyalala mu ngalande, amene amaunjika mchenga ndi njerwa pa kanjira ka anthu, amene amaimika galimoto pamene ana aolokera, ndi amene salipira msonkho wa nyumba yake, onsewa ali ndi gawo pa dzenje limene akulidandaula.

Aphunzitsi, nayi nchito ya sabata ino. Tengani ana anu muyende nawo mtunda wa mamita 200 kuchokera pa chipata cha sukulu. Ajambule mapu a mseuwo, asonyeze pamene pali ngalande yotseka, pamene woyenda pansi amakakamizika kutsikira mu mseu, ndi pamene magalimoto amaima molakwika. Awerenge kwa mphindi khumi ndi zisanu oyenda pansi, njinga ndi magalimoto amene adutsa. Afufuze dzina la wadi yao ndi la khansala wao, kenaka kalasi lonse lilembe kalata imodzi, aphunzitsi akulu aisaine, ndipo iperekedwe. Yankho likabwera, kapena likapanda kubwera, mukambirane m'kalasi chimene muyenera kuchita pambuyo pake. Tsalani bwino, ndipo poyenda mu mseu wopanda kanjira muziyenda ku dzanja lamanja, moyang'anana ndi magalimoto akubwera.