Mbano: Dzina Limodzi Pachipala ndi Pamtsinje



Mwana akapisa dzanja pansi pa mwala kumtsinje n'kukuwa, achikulire safunsa zambiri: nkhanu yamupana. Chimene yamupana nacho ndi mbano. Wosula akafuna kutulutsa chitsulo chofiira pamakala, amatolanso mbano, kapena kuti mbaniro. Dzina ndi limodzi, pomwe china ndi chiwalo cha kanyama, china ndi chipangizo.

Makolo sanasowe mawu. Iwo potchula chinthu ankayang'ana ntchito yake, osati chimene chapangidwira. Mbano ndi mbali ziwiri zolumikizana kutsinde, zimene zimakumana kunsonga n'kugwira chinthu pakati. N'chifukwa chake nkhanu ndi chinkhanira zili ndi mbano, koma kambuku alibe. Kambuku ali ndi zikhadabo, ndipo chikhadabo chimakanda ndi kung'amba, chilichonse pachokha. Mbano ikathyoka mbali imodzi ntchito yathera pomwepo; paja chala chimodzi sichiswa nsabwe. Amene amalemba kuti "zikhadabo za nkhanu" sananame kwenikweni, koma ataya chimene diso la makolo lidaona.

Tanthauzoli limayenda ndi mneni woti kupana, amenenso akumveka m'mawu oti mpani, kamtengo kong'alula kamene amapanirapo mbewa kapena nsomba poziwamba. Wophunzira malamulo a chinenero angayembekezere "mphaniro", monga kupatsa kumabala mphatso, koma pakamwa pa anthu padakhazikika mbaniro, ndipo pakamwa pa anthu satsutsanapo.

Kumene dzinali lidalemera kwambiri ndi kuchipala. Amaravi ankadziwika ndi luso losungunula ndi kusula chitsulo, ndipo zotsalira za ng'anjo zawo zikuonekabe m'nkhalango yotetezedwa ya Kasungu. Mvukuto unkakoleza moto, nyundo inkaumba khasu, koma popanda chogwirira chitsulo chamoto zonsezi zikadakhala zachabe. Ngakhale mtengo wauwisi wong'alula unkatha kugwira ntchitoyi, ukapserera n'kudula wina. Omasulira Buku Lopatulika, limene lidatuluka lathunthu mu 1922, sanafunikire kubwereka dzina kwina: pa Yesaya 6:6, chimene mserafi anatengera khala lamoto paguwa la nsembe anachitcha mbaniro.

Lero zipala zachepa. Makasu amachokera kusitolo, ndipo mnyamata wokonza njinga pamsika, amene amagwira mbaniro tsiku lonse, amaitchula m'Chingerezi. Kubwereka mawu si mlandu. Chinenero chilichonse chimabwereka. Chodandaulitsa n'chakuti dzina lobwerekalo limathera pachitsulo pokha, silifika kumtsinje. Mwana amene wakula nalo adzamva munthu akudandaula kuti ngongole zamupanikiza, osazindikira kuti m'mawuwo muli nkhanu ndi wosula yemwe. Aphunzitsi ndi olemba mabuku a ana angayambire pamenepa: chithunzi cha nkhanu ndi cha chipangizo cha wosula pa tsamba limodzi, pansi pake dzina limodzi.