Mnyamata wa Gitala pa Hatchi

Mawu amene mnzathu wina anayankhula pa msonkhano wa pachaka wa ophunzira akale



Pamene munandipempha kuti ndiyankhule, ena munaganiza kuti ndikamba za maphunziro. Pepani, ine ndabwera ndi nkhani ya makauboyi. Mukukumbukira Loweruka madzulo m'holo muja: nsalu yoyera pakhoma, makina akulira kumbuyo, filimu n'kuduka pakati, ife n'kuimba malikhweru mpaka aphunzitsi ailumikize. Chizungu cha anthu aja sitinkachimva bwino, komabe Lolemba aliyense ankayenda chotangadza ngati wangotsika pa hatchi.

Nditakula ndinadziwa kuti ambiri mwa mafilimu aja anali akale kuposa ife, ndiponso anali otchipa. Kampani ya Republic Pictures, imene inayamba mu 1935 ku America, inkajambula filimu yathunthu m'masiku owerengeka, ndipo inkatenga pafupifupi ola limodzi kuionera. Mapiri anali omwewo, tauni yamatabwa yomweyo. Nthawi zina ankadula chithunzi cha mahatchi othamanga m'filimu yakale n'kuchimata m'yatsopano. Popeza ndalama zinali zochepa, anadalira zinthu zitatu: hatchi, gitala ndi munthu wanthabwala.

Woyamba kutchuka anali Gene Autry wa ku Texas, amene anali woimba pa wailesi. Mu 1935 anasewera mu Tumbling Tumbleweeds, ndipo anthu anamukonda pamodzi ndi hatchi yake Champion. Pambali pake panali Smiley Burnette, bambo wonenepa wa chipewa chopindika, amene ankatha kukhuthalitsa mawu ngati chule, n'chifukwa chake ankatchedwa Frog. Kuimba kumeneku sikunali kwa aliyense. John Wayne anakuyesa mu 1933 mu Riders of Destiny, koma iye ankangoyendetsa milomo, woimba anali wina.

Mu 1938 Autry anakangana ndi mabwana ake pa nkhani ya malipiro, nanyanyala ntchito. Kampani inatenga mnyamata wina woimba, Leonard Slye wa ku Ohio, n'kumupatsa dzina loti Roy Rogers. Hatchi yake, Trigger, inafika potchuka ngati mwini wake.

Tsono tamverani nkhani ya filimu yoyamba imene Rogers anatsogolera, Under Western Stars. Kwagwa chilala, fumbi likukwirira minda, ndipo kampani ina yatsekera madzi m'damu n'kumawagulitsa pa mtengo woboola m'thumba. Alimi a ng'ombe akusankha Rogers kuti akawayankhulire ku nyumba ya malamulo ku Washington, ndipo chida chake chachikulu pokopa akuluakulu ndi nyimbo ya fumbilo. Nyimboyo inafika mpaka pa mndandanda wa zopikisana pa mphoto ya Oscar.

Apa ndi pamene pagona kukoma kwa mafilimuwa. Oonera ake oyamba anali anthu osauka a m'matauni aang'ono, pa nthawi imene chuma cha America chinagwa ndipo ambiri analandidwa minda. Woipa m'filimu kawirikawiri anali bwana wovala suti, wolanda malo kapena madzi a anzake. Ngwazi sinkamwa mowa, sinkatukwana, ndipo ikawombera nthawi zambiri inkangogwetsa mfuti m'dzanja la mdani. Munthu ankalowa ndi nkhawa, n'kutuluka ataseka, nyimbo ili pakamwa. Nafenso, ana a alimi, tinkadziwa amene tim'chemerere ngakhale tisanamve liwu ndi limodzi lomwe.

M'zaka za m'ma 1950 wailesi yakanema inafala m'nyumba za ku America, ndipo mafilimu amtunduwu anatha. Autry anajambula yake yomaliza mu 1953. Iye ndi Rogers onse anamwalira mu 1998. Lero adzukulu athu akaona mafilimuwa amaseka kuti ndi achibwana. Asekedi, nanga anapangidwira chiyani?

Koma ine, anzanga, ndatolapo phunziro. Anthu aja sanadikire kuti akhale ndi chuma asanayambe ntchito. Anagwiritsa ntchito chimene chinali m'manja, ndipo chinaoloka nyanja mpaka kudzatipeza ife m'holo muja. Holo yomweyo lero denga lake likudontha, ndipo ichi n'chaka chachitatu tikulemba m'maminitsi kuti tikufunafuna wotithandiza wa kunja. Ana amene ali pa sukulu pano alibe pokumanira mvula ikamagwa. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Lata limodzi silingamugwetse aliyense wa ife, ndipo muno tadzazamo.

Ine langa ndapereka kale. Amayi Msungichuma akhala pakhomo paja ndi buku lawo, ndipo khomo ndi limodzi lokha. Musaope, ine sindiimba.